Chikopa Chili Kuti? Mbiri ya Nyama Zomwe Sayansi Inachedwa Kuzidziwa

Sabata yatha, pagulu lathu la WhatsApp la omwe tinaphunzira limodzi ku yunivesite, wina anaponyapo kavidiyo ka masekondi ochepa chabe. Chinthu chakuda chikutumphuka m'madzi, anthu akukuwa chapatali, kamera ikunjenjemera ngati wojambulayo wagwidwa malungo. Pansi pake panalembedwa kuti chilombo chaoneka pa Nyanja ya Malawi. Koma ndiye kunali mtsutso. Wina akuti zabodza izi, ndi chigobo cha mtengo basi. Wina akuti inu vuto lanu sukulu, chilichonse chomwe mzungu sanalembe m'buku mumati kulibe.

Ine ndinangokhala chete, chifukwa ndimaona kuti onse awiri ali ndi kachoonadi kawo. Nkhani ya nyama zobisika ili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ikutikhudza ife kuposa momwe ambiri timaganizira. Ili ndi dzina lachizungu, cryptozoology, lochokera ku mawu a Chigiriki otanthauza kuphunzira za nyama zobisika. Amene anatchukitsa nkhaniyi ndi Bernard Heuvelmans, yemwe mu 1955 anatulutsa buku la Chifalansa lofotokoza za nyama zomwe anthu amati anaziona koma asayansi sanazitsimikize. Mu 1982 iye ndi anzake anakhazikitsa bungwe la International Society of Cryptozoology, ndipo chizindikiro cha bungwelo chinali nyama ya ku Africa kuno yotchedwa okapi. Tiyambire pa nyama imeneyi.

Bulu wa m'nkhalango ya Ituri

Amene munamvetsera m'kalasi la histole mukumukumbukira Harry Johnston. Ndi yemwe uja anali mkulu woyamba wa boma la atsamunda kuno, kuyambira 1891 mpaka 1896, yemwe anamenya nkhondo ndi mafumu a m'mbali mwa nyanja, yemwe anapachika Mlozi ku Karonga mu 1895. Mangochi ankatchedwa Fort Johnston chifukwa cha iye. Zomwe aphunzitsi sanatiuze n'zakuti bambo yemweyu anali wokonda kwambiri zinyama, zomera ndi zilankhulo, ndipo dzina lake lilipobe mpaka lero pa nyama ina ya ku Congo.

Nkhani inayamba ndi Henry Morton Stanley. M'buku lake la mu 1890 lofotokoza za ulendo wake wodutsa m'nkhalango ya Ituri, analembamo mwachidule kuti anthu a m'nkhalangomo, Ambuti, amadziwa nyama yonga bulu yomwe imadya masamba. Akatswiri ku Ulaya anadabwa, poti abulu ndi mbidzi ndi nyama za m'chipululu ndi m'madambo a udzu, osati m'nkhalango yowirira. Ambiri anangoti ndi nkhambakamwa.

Mu 1899 Johnston anatumizidwa ku Uganda. Chaka chotsatira kunachitika chinthu chochititsa manyazi. Mzungu wina wa ku Germany anagwira kagulu ka anthu a m'nkhalango ya Congo kuti akawaonetse ku chionetsero chachikulu cha ku Paris cha mu 1900, anthu azikalipira kuti awaone ngati nyama. Akudutsa nawo ku Uganda, Johnston anawalanditsa, nawasunga ku Entebbe kwa kanthawi, kenako anawaperekeza yekha kwawo. Pa nthawi yomwe anali nawo anawafunsa za bulu wa Stanley uja. Iwo anati inde, nyamayo ikupezeka, ili ndi thupi loderapo ndi mizeremizere m'miyendo, ndipo dzina lake ndi o'api.

Atafika ku Fort Mbeni, kum'mawa kwa Congo, akuluakulu a asilikali a boma la Mfumu Leopold anamuuza kuti nyamayo amaidziwa, anthu amaidya ndithu. Anamupatsa malamba awiri a asilikali opangidwa ndi chikopa chake, a mizere yoyera ndi yakuda. Kenako Johnston analowa m'nkhalango ndi anthu omulondolera njira. Apa mpamene pali phunziro lomwe limandisangalatsa kwambiri. Anthuwo anamuonetsa mapazi a nyamayo pansi. Mapaziwo anali a ziboda zogawanika pakati, ngati za ng'ombe kapena mphalapala. Johnston anakana kuwatsatira. Mumtima mwake anali atagamula kale kuti akusaka mbidzi kapena hatchi ya m'nkhalango, ndipo hatchi ili ndi chiboda chimodzi chosagawanika. Anaganiza kuti anthuwo akumupusitsa. Anabwerera osaiona nyamayo, atasiya mapazi ake enieni kumbuyo.

Malamba aja anawatumiza ku London. Kumayambiriro kwa 1901, katswiri wina dzina lake Philip Sclater anawayang'ana, naona mizere ija, nalengeza kuti kwapezeka mtundu watsopano wa mbidzi. Anaupatsa dzina lakuti Equus johnstoni. Analakwitsa. Miyezi ingapo pambuyo pake, msilikali wa ku Sweden yemwe ankagwira ntchito ku Congo, Karl Eriksson, anatumizira Johnston chikopa chathunthu ndi zibade ziwiri. Mano ndi mafupa a mutu anaulula zonse: nyamayi sinali pachibale ndi mbidzi ayi, koma ndi nyamalikiti, nyama yaitali khosi ija. Ray Lankester wa ku myuziyamu ya ku London anaikonzera dzina lina, Okapia johnstoni, lomwe ikudziwika nalo mpaka pano.

Taganizani: nyama yaikulu kufanana ndi hatchi, yolemera makilogalamu oposa 200, ya lilime lalitali lotha kunyambita maso ake omwe, inakhala yosadziwika ku sayansi ya ku Ulaya mpaka m'chaka cha 1901. Koma kunena kuti inali yobisika n'kunama. Inabisika kwa ndani? Ambuti ankaikola m'mbuna, ankaidya, ankadziwa masamba omwe imakonda. Asilikali ankaivala m'chiuno. Omwe anafotokoza zoona zokhazokha m'nkhani yonseyi ndi anthu aja anatsala pang'ono kukaonetsedwa ku Paris. Koma pa dzina la nyamayo pali Johnston, munthu yemwe anaonetsedwa mapazi n'kuwakana.

Nsomba yomwe inauka kwa akufa

Nkhani yachiwiri inachitikira kufupi ndi kwathu kuno, ku South Africa. Pa 22 Disembala 1938, sitima yophera nsomba yotchedwa Nerine inakocheza padoko la East London. Woyendetsa sitimayo, Hendrik Goosen, anali ndi chizolowezi chosungira mayi wina wa pamyuziyamu ya m'tauniyo nsomba zachilendo. Mayiyo anali Marjorie Courtenay-Latimer, wa zaka 31, wopanda digiri ya ku yunivesite. Kunali kutatsala masiku atatu kuti Khirisimasi ikwane, kukutentha, ntchito ili tho, koma anapitabe kudoko.

Pansi pa mulu wa mashaki anaona chipsepse cha buluu. Atafukula anapeza nsomba yotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, yolemera makilogalamu oposa 57, ya mamba olimba ngati chishango, ya mawanga oyera. Chodabwitsa kwambiri chinali zipsepse zake: zinali ndi minofu, zotuluka m'thupi ngati timiyendo. Sanadziwe kuti ndi nsomba yanji, koma anadziwa kuti siyofunika kutaya.

Apa mpamene mavuto anayambira. Woyendetsa takisi ankakana kunyamula chinsomba chonunkha m'galimoto mwake. Kunyumba yachisoni ya pachipatala anakana kuchisunga. Kumalo oziziritsira zakudya anakananso. Mayiyo anachikulunga m'nsalu zonyowetsedwa ndi mankhwala, nachipereka kwa munthu wokonza zikopa za nyama. Kenako anajambula kachithunzi ndi pensulo, nakatumiza m'kalata kwa J.L.B. Smith, mphunzitsi wa chemistry pa Rhodes ku Grahamstown, yemwe ankadziwa kwambiri za nsomba.

Smith anali patchuthi ku Knysna, ndipo kalatayo inamupeza pa 3 Januwale 1939. Atayang'ana kachithunziko mutu unaima. Nsomba ya maonekedwe amenewo ankaidziwa, koma m'miyala mokha. Mtundu wa nsombazi, wotchedwa coelacanth, unafotokozedwa koyamba ndi Louis Agassiz mu 1839 kuchokera ku mafupa akale osanduka miyala, ndipo akatswiri onse ankakhulupirira kuti unatha zaka pafupifupi 66 miliyoni zapitazo, limodzi ndi madayinoso. Smith anatumiza telegalamu mwachangu kuti mafupa ndi zam'kati zisatayidwe. Zinali zitatayidwa kale, poti zinali zitawola. Pa 16 Febuluwale anafika ku East London, naiona ndi maso ake, natsimikiza. Anaitcha Latimeria chalumnae, kulemekeza mayi uja ndi mtsinje wa Chalumna, kufupi ndi komwe inagwidwa.

Smith ankafuna ina yathunthu, ya zam'kati zake zonse. Anasindikiza timapepala ta m'Chingelezi, Chifalansa ndi Chipwitikizi tokhala ndi chithunzi cha nsombayo, tolonjeza mapaundi 100 kwa aliyense woipeza, natimwaza m'magombe a kum'mawa kwa Africa. Anadikira zaka 14. Mu Disembala 1952 uthenga unabwera kuchokera ku zilumba za Comoros, kudzera kwa woyendetsa chombo wina, Eric Hunt: msodzi wa pachilumba cha Anjouan, Ahamadi Abdallah, wagwira nsomba ija. Smith anachita kudandaulira nduna yaikulu ya South Africa, D.F. Malan, yemwe uja anayambitsa boma la tsankho mu 1948, kuti amubwereke ndege ya asilikali. Malan anavomera. Smith atafika n'kuigwira nsombayo ndi manja ake, analira misozi.

Ndipo mukudziwa zomwe zinadziwika pambuyo pake? Asodzi a ku Comoros nsombayi ankaidziwa kale. Anali ndi dzina lake, gombessa. Inkakodwa mwa apo ndi apo pa mbedza zawo zakuya usiku, koma sankaiwerengera kwenikweni chifukwa nyama yake ndi ya mafuta ambiri ndipo imatsegula m'mimba. Chinthu chomwe pulofesa anachilirira misozi, kwa asodzi chinali nsomba yosakoma basi.

Kuchokera apo zinthu zinatseguka. Mu 1987 Hans Fricke anazijambula zili zamoyo pansi pa nyanja. Zinadziwika kuti masana zimabisala m'mapanga akuya mamita 150 kapena kuposerapo, n'kumatuluka usiku. Mu 1991 ina yaikazi inakodwa m'khoka kugombe la Mozambique, m'chigawo cha Zambezia, ili ndi ana 26 m'mimba. Mu 1997 katswiri wina, Mark Erdmann, ndi mkazi wake anaiona ikugulitsidwa pamsika ku Manado, ku Indonesia, makilomita zikwizikwi kuchokera ku Comoros, ndipo unapezeka kuti ndi mtundu wachiwiri. Kumenekonso asodzi anali ndi dzina lake.

Nanga zilombo zija?

Okonda nkhani za nyama zobisika amagwiritsa ntchito zitsanzo ziwirizi ngati chishango. Amati, ngati okapi ndi gombessa zinapezeka, n'chiyani chingaletse kuti madayinoso akhale alipobe m'madambo a Africa? Funsoli lili ndi mbiri yakenso.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Ulaya anali atapenga ndi madayinoso. Mu 1905 ku London anaimika chifanizo cha mafupa a Diplodocus, anthu n'kumakhamukira kukaona. Kuyambira 1909 Ajeremani ankafukula mafupa akuluakulu ku Tendaguru, kumwera kwa Tanzania. Chaka chomwecho Carl Hagenbeck, wamalonda ogulitsa nyama zakutchire wa ku Hamburg, analemba m'buku lake kuti anamva za chilombo chonga dayinoso m'madambo a Rhodesia. Mu 1923 Frank Melland, yemwe anali bwanamkubwa pakati pa Akaonde kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, analemba za kongamato, chouluka chofiira cha mapiko opanda nthenga chomwe amati chimagubuduza mabwato. Melland anaonetsa anthu zithunzi za m'buku za zouluka zakale za nthawi ya madayinoso, ndipo anati anthuwo analoza kuti ndi chomwecho. Ku Congo-Brazzaville kunatchuka mokele-mbembe, ndipo Roy Mackal wa ku yunivesite ya Chicago anapita kukaisaka m'madambo a Likouala mu 1980 ndi 1981. Ena ambiri anatsatira.

Zotsatira zake? Palibe chikopa, palibe dzino, palibe fupa, ngakhale ndowe. Zaka zoposa zana zadutsa.

Kusiyana kwake kuli poyera. Okapi anthu ankaivala m'chiuno, gombessa inkagona pamsika. Johnston atangofika pamalo oyenera n'kufunsa, chikopa chinapezeka m'miyezi yochepa. Nyama yeniyeni imasiya zizindikiro, chifukwa siingakhale imodzi yokha. Kuti mtundu ukhalepo kwa zaka mamiliyoni pamafunika zazimuna ndi zazikazi zambiri, zoswana, zodya, zofa n'kusiya mafupa. Gombessa inatha kubisala chifukwa imakhala m'mapanga akuya momwe munthu safikamo wamba. Chilombo chachikulu kuposa njovu, chopuma mpweya, sichingabisale chomwecho m'dambo momwe asodzi amapalasa mabwato tsiku ndi tsiku.

Palinso vuto la kafunsidwe. Bwana wa boma akakutulutsira chithunzi n'kufunsa kuti, chimene munaona chija ndi ichi eti, uyankha chiyani? Tonse timadziwa momwe anthu amayankhira mlendo wamphamvu, makamaka akaona kuti yankho lina likumusangalatsa. Ndipo tisaiwale maganizo omwe alendowo anabwera nawo. Kwa iwo Africa anali malo omwe nthawi inaima, kotero kunali koyenera kuti nyama za makedzana zizipezekako. Ambiri osaka madayinoso ankasaka Africa wa m'mutu mwawo. Johnston anakana mapazi enieni chifukwa sanafanane ndi zomwe ankafuna. Enawa anakhulupirira mapazi omwe kunalibe pa chifukwa chomwecho.

Dayinoso wathu weniweni alipo, koma ndi wa mwala. Mafupa ake anafukulidwa m'boma la Karonga, anapatsidwa dzina lakuti Malawisaurus mu 1993, ndipo chifanizo chake chaimikidwa m'myuziyamu ya ku Karonga. Mukapita kumpoto, kaoneni.

Za Napolo

Ndikudziwa wina afunsa za Napolo. Agogo anga aakazi ankanena za iye motsitsa mawu, njoka yaikulu ya pansi pa phiri yomwe ikamasamuka kupita kunyanja imakokolola miyala, mitengo, milatho ndi midzi. Zomba anaona zimenezi mu Disembala 1946, Phalombe mu Malichi 1991, ndipo anthu ambiri anataya miyoyo. Steve Chimombo anamanga ndakatulo zake zambiri pa dzina limeneli.

Ine ndikuona kuti kufunsa chikopa cha Napolo n'kusamvetsa nkhani. Napolo ndi njira yomwe makolo anasungira chikumbutso chakuti phiri ili limagumuka, madzi ake amadzera apa, usamange nyumba m'njira yake. Zimenezo ndi zoona zenizeni, ndipo amene anaona zomwe namondwe Freddy anachita mu 2023 ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe sangatsutse. Si dzina lililonse la m'nkhani za makolo lomwe likuimira nyama ya magazi ndi mafupa. Ena ndi machenjezo, ena ndi malamulo a pamadzi, ena ndi nyama zenizeni ndithu. Ntchito ndi kusiyanitsa, ndipo munthu wosadziwa chilankhulo cha eni ake sangaithe ntchito imeneyi.

Zomwe zikubisalabe

Ndiye kodi nyama zosadziwika zilipo? Zilipo zambiri, kungoti si zazikulu ngati momwe mavidiyo a pa TikTok amafunira. Chaka chilichonse asayansi amalemba mayina a mitundu yatsopano ya zamoyo masauzande ambiri, zochuluka mwa izo tizilombo, achule, abuluzi ndi nsomba. M'nyanja yathu yomweyi muli mitundu mazanamazana ya mbuna, utaka ndi abale ake, yambiri yosapezeka kwina kulikonse padziko, ndipo ina mpaka lero ilibe dzina la sayansi.

Mu 2005 Julian Bayliss, katswiri yemwe ankagwira ntchito yoteteza zachilengedwe ku Mulanje, akuyang'ana pa Google Earth anaona kadera kobiriwira kwambiri kutsidya kwa malire, ku Mozambique. Linali phiri la Mabu, lokhala ndi nkhalango yowirira ya mahekitala pafupifupi 7,000. Mu 2008 gulu la akatswiri linakwera phirilo, ndipo m'maulendo amenewo munapezeka njoka, agulugufe ndi nanzikambe zomwe sizinalembedwepo. Manyuzipepala a kunja anati kwapezeka nkhalango yotayika. Anthu a m'munsi mwa phirilo sanaitayepo. Ankasakamo nyama, ndipo ena anabisalamo pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni. Nanzikambe wa ku Mabu anatchedwa Nadzikambia baylissi. Liyang'aneni bwino dzina loyambalo. Ndi mawu athu omwewa, ovekedwa jekete la Chilatini.

Koma nkhani yomwe imandikhudza kwambiri ndi ya ku Nsanje. M'nkhalango ya pa Malawi Hills muli kananzikambe kakang'ono, kosaposa chala, kotchedwa Rhampholeon chapmanorum. Kanalembedwa koyamba mu 1992. Pambuyo pake nkhalangoyo inadulidwa kwambiri, pafupifupi magawo anayi mwa asanu aliwonse, moti akatswiri ankaopa kuti katha. Mu 2016 anapita kukafufuza usiku ndi matochi, nakapeza kakukakamira m'tizigawo ta nkhalango totsala. Okapi nayenso ali pamndandanda wa nyama zomwe zili pangozi yakutha kuyambira 2013. Mu 2012 zigawenga zinaukira malo oteteza nyamayi ku Epulu, n'kupha anthu asanu ndi mmodzi pamodzi ndi ma okapi omwe ankasungidwa pamenepo.

Apa mpomwe mtima wanga uli. Tikulimbana za chilombo cha m'kavidiyo kosaoneka bwino, pomwe nyama zenizeni zikutha zisanalembedwe n'komwe, thumba la makala lililonse likupita ndi kachigawo ka nkhalango. Ndipo pamodzi ndi nyamazo pakuthanso mayina. Agogo anga ankatchula mbewa mitundumitundu, uliwonse dzina lake, kapuku, mende, ina ndinaiwala. Ine ndili ndi digiri, koma zonse ndimangoti mbewa.

Pagulu paja ndinadzalembapo mafunso anayi okha. Anajambula ndani? Pagombe liti? Tsiku liti? Asodzi a pamenepo amachitcha chiyani? Palibe anayankha. Aliyense anangochilandira kuchokera kugulu lina. Mnzanga uja wakuti sukulu inatiwononga ananditumizira uthenga kumbali, akuti aise, iwenso wayamba kuganiza ngati mzungu. Ndinamuuza kuti ayi, funso lomalizalo ndi lomwe mzungu anachedwa kufunsa kwa zaka 14.

Mwezi wamawa ndikupita kumudzi. Ndagula kope la masamba 96, ndipo ndikakhala pansi ndi amalume, omwe akhala akuwedza kuyambira ndisanabadwe, anditchulire nsomba zonse zomwe akuzidziwa, zomwe ankagwira kale koma pano sizikuonekanso, ndi zomwe anangozimva. Zomalizazi ndikazilemba patsamba lakelake.